Ndigulitse kiyibodi? Yankho kwa woimba amene Suno yamulanda makasitomala

Pa makalata amene ndalandira pa imelo mwezi uno, pali imodzi imene yakhala ikundizungulira m'mutu. Yachokera kwa bambo wina woimba kiyibodi, amene kwa zaka zingapo wakhala akupeza zofunika pamoyo popanga tinyimbo totsatsira malonda, nyimbo zomveka chapansipansi m'mavidiyo a makampani, komanso kukonzera oimba anzake zing'wenyeng'wenye. Akudandaula za Suno, pulogalamu ya AI (nzeru zopangidwa pa kompyuta) imene imapanga nyimbo munthu akangoilembera mawu ochepa. Kalatayo ndi yaitali, koma pagona nkhani ndi apa:

"Makasitomala awiri amene ndinkawadalira andiuza kuti tsopano nyimbo akumapanga okha pa Suno. Ndinamvetsera imodzi, ndipo chimene chinandipweteka n'chakuti sinali yoipa. Mlongo wanga wamng'ono akufuna kukaphunzira zojambulajambula, koma ndikusowa chomuuza. Kodi luso la munthu latha ntchito? Ndigulitse kiyibodi?"

Achimwene, kiyibodiyo musagulitse. Koma sindikunyengererani ndi mawu amene mwina mwawamva kale kangapo, akuti makina alibe mzimu ndiye palibe chodetsa nkhawa. Makasitomala anu aja sankagula mzimu. Ankafuna masekondi 30 a nyimbo yoti izimveka kumbuyo kwa mawu a wotsatsa malonda, ndipo aipeza mwachangu komanso motchipa. Amene angakuuzeni kuti abwerera okha akadzazindikira kufunika kwa munthu akungokupepesani. Ena abwereradi, ambiri ayi. Luso ndi malipiro a waluso ndi zinthu ziwiri, ndipo AI ikuzigunda mosiyana. Ine ndikuona kuti chimene chikuthyoka ndi makwerero amene anthu ankakwerapo mpaka kukhala aluso, ndipo inu mwaima pakati penipeni pa makwererowo.

Tiyambe ndi mmene mapulogalamuwa amagwirira ntchito, chifukwa mkangano wonse umachokera pamenepo. Suno, kapena inzake yotchedwa Udio, palibe anaiphunzitsa manotsi. Anaipatsa nyimbo zojambulidwa kale zosawerengeka, n'kumaiyesa mobwerezabwereza kuti idziwe phokoso liti limatsatana ndi liti. Ikaphonya amaikonza pang'ono, ikaphonyanso amaikonzanso, mpaka imafika pozindikira kuti mawu akuti "nyimbo yachisoni ya gitala" kawirikawiri amayendera limodzi ndi kamvekedwe kotani. Mapulogalamu a zithunzi, monga Stable Diffusion, anawaphunzitsa mwamtundu wina. Amatenga chithunzi n'kuchithira timadontho mpaka osaonekanso, kenako pulogalamuyo imaphunzira kuchotsa timadonthoto kuti chithunzi chibwerere. Ikazolowera, mumangoipatsa timadontho tokhatokha pamodzi ndi mawu ofotokoza chimene mukufuna, iyo n'kukutulutsirani chithunzi chimene sichinakhaleko.

Nanga nyimbo ndi zithunzi zophunzirirazo anazitenga kuti? Stable Diffusion, imene inatuluka mu Ogasiti 2022, inaphunzira pa zithunzi zochokera mu nkhokwe yotchedwa LAION-5B, momwe muli maulalo a zithunzi zoposa 5 biliyoni zotoledwa pa intaneti. Eni ake palibe anawafunsa. Wojambula wina wa ku Poland, Greg Rutkowski, wodziwika ndi zithunzi za zinjoka ndi nkhondo za m'nthano, anangozindikira kuti anthu akulemba dzina lake maulendo masauzande ambirimbiri polamula pulogalamuyo kuti iwajambulire ngati iyeyo. Posakhalitsa, munthu akafufuza dzina lake pa intaneti ankapeza zithunzi zimene iye sanazikhudzepo n'komwe. Ku nyimbo nakonso n'chimodzimodzi. Mu Juni 2024 makampani atatu akuluakulu, Universal, Sony ndi Warner, anasumira Suno ndi Udio ku makhoti a ku America, akufuna chipukutamisozi chofika madola 150,000 pa nyimbo iliyonse. Suno sinakane. Inauza khoti kuti inaphunzitsa pulogalamu yake ndi pafupifupi nyimbo iliyonse yomveka bwino imene ikupezeka poyera pa intaneti, kungoti inati lamulo limalola, pakuti kuphunzira si kuba.

Mfundo imeneyi si yopusa, ndipo tisaipeputse. Inunso achimwene munaphunzira pomvera ena. Panali woimba amene munkamutsanzira mpaka zala zanu zinayamba kuyenda ngati zake, ndipo simunamulipire. Koma munthu amene waphunzira motero amatulutsa mwina nyimbo khumi pa chaka, amatopa, amakalamba, ndipo akafunsidwa amatchula amene anamusula. Pulogalamu imatulutsa nyimbo yathunthu isanathe mphindi imodzi, kwa anthu mamiliyoni nthawi imodzi, n'kukapikisana pa msika ndi eni nyimbo zimene inaphunzirapo. Zinthu zikasiyana kukula chonchi, kuzitchula ndi dzina limodzi n'kudzinamiza. Makhoti nawo sakugwirizana. Mu Juni 2025 woweruza wina ku California, William Alsup, anagamula kuti kampani ya Anthropic sinalakwe kuphunzitsa AI ndi mabuku amene inagula, koma kusunga mabuku otengedwa pa masamba akuba ndi nkhani ina. Kampaniyo inavomera kulipira alembi madola 1.5 biliyoni. Mu Novembala chaka chomwecho khoti la ku Munich linagamula mokomera GEMA, bungwe lotolera ndalama za oimba ku Germany, pa mlandu wake ndi kampani ya AI yotchedwa OpenAI wokhudza mawu a nyimbo. Ndiye aliyense wokuuzani kuti nkhaniyi inatha kale, mbali iliyonse, akuthamanga.

Mudzamvanso anthu akunena kuti mantha awa si achilendo, ndipo akunena zoona. Mu 1906 John Philip Sousa, wopeka nyimbo za maguba wa ku America, analemba modandaula kuti galamafoni ichititsa anthu kusiya kuimba okha m'nyumba zawo. Mu 1982 mamembala ena a bungwe la oimba ku Britain anafuna kuti ma synthesizer aletsedwe, makolo ake a kiyibodi yanuyo. Nyimbo sizinafe. Koma chitsanzo chimene chimandiphunzitsa zambiri ndi cha mafilimu. Mafilimu akale analibe mawu, choncho nyumba iliyonse yoonetsera filimu inkalemba oimba, kaya wapiyano mmodzi kaya gulu lathunthu, oti aziimba filimu ili mkati. Mu 1927 kunatuluka The Jazz Singer, ndipo mafilimu olankhula anafalikira. Pa zaka zochepa oimba pafupifupi 20,000 ku America anapezeka alibe ntchito. Bungwe lawo, American Federation of Musicians, linalipira zotsatsa m'manyuzipepala mu 1930, zojambulidwa loboti ikuimba zida, kuchenjeza anthu za "nyimbo za m'chitini". Anthu anawerenga, n'kupitabe kukaonera mafilimu olankhula. Nyimbo za m'mafilimu zinakula kukhala luso lapamwamba, inde. Koma wapiyano uja ntchito yake sinabwerere, ndipo mawu akuti "nyimbo zidzapulumuka" sanamulipirire lendi.

Tibwere ku ndalama za lero. Kampani ya Deezer, imene imaseweretsa nyimbo pa intaneti ngati Spotify, ili ndi chida chozindikira nyimbo zopangidwa ndi AI kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndipo yakhala ikulengeza zimene ikupeza. Mu Januwale 2025 inati imalandira nyimbo zotero 10,000 pa tsiku. Pofika Epulo zinali 20,000, ndipo mu Novembala zinakwana 50,000 pa tsiku, kutanthauza nyimbo imodzi pa zitatu zilizonse zatsopano. Chodabwitsa n'chakuti anthu sakuzimvera kwenikweni. Deezer inati nyimbo zimenezi zinkatenga pafupifupi theka la peresenti imodzi ya kumvetsera konse, ndipo gawo lofika 70 peresenti la kumvetserako linali lachinyengo, makompyuta akumvetsera nyimbo za makompyuta anzawo. Cholinga chake n'chosavuta kumva. Makampaniwa amaika ndalama za olembetsa mu thumba limodzi n'kugawa molingana ndi kuchuluka kwa maulendo amene nyimbo yaseweredwa, choncho wachinyengo aliyense akutapa m'thumba la oimba enieni. Mu Seputembala 2024 boma la America linaimba mlandu bambo wina wa ku North Carolina wopeza madola oposa 10 miliyoni mwanjira imeneyi, pogwiritsa ntchito nyimbo za AI masauzande mazanamazana. Spotify nayo inalengeza mu Seputembala 2025 kuti pa miyezi 12 inachotsa nyimbo zazinyalala 75 miliyoni.

Musafulumire kusangalala kuti anthu sakuzifuna. Pa kafukufuku amene Deezer yomweyo inachita ndi kampani yofufuza maganizo a anthu ya Ipsos, anthu 97 pa 100 aliwonse analephera kusiyanitsa nyimbo ya AI ndi ya munthu. Pakati pa chaka cha 2025 gulu lotchedwa The Velvet Sundown linafika pokhala ndi omvera oposa 1 miliyoni pa mwezi pa Spotify, lili ndi zithunzi za oimba anayi ndi zimbale zake, kenako n'kuvomera kuti oimbawo kulibe. Ndikaika manambala awiriwa pamodzi, theka la peresenti lija ndi 97 pa 100, ndimapeza chinthu chimodzi. Munthu akamafuna woimba wakutiwakuti, amamufunabe iyeyo. Akamangofuna phokoso labwino loti lizimveka iye akuwerenga, akuyendetsa galimoto kapena akuonera vidiyo yotsatsa sopo, safunsa dzina la woimba, ndipo pamenepo makina apambana kale. Ntchito yanu, achimwene, inali nyimbo zimene palibe amafunsa dzina la mwini wake. N'chifukwa chake moto wayambira kwa inu. Bungwe la CISAC, limene limasonkhanitsa mabungwe otolera ndalama za aluso padziko lonse, linatulutsa lipoti mu Disembala 2024 lonena kuti pofika 2028 opanga nyimbo akhoza kutaya 24 peresenti ya ndalama zawo. Ndi kulosera chabe, koma ngakhale kutakhala kolondola, 24 peresentiyo sidzagawidwa mofanana. Ena sadzamva kanthu, ena adzataya zonse.

Otchuka ali ndi owateteza. Mu Epulo 2023 munthu wina wosadziwika anatulutsa nyimbo yotchedwa Heart on My Sleeve yokhala ndi mawu otsanzira Drake ndi The Weeknd. Inafalikira ngati moto, koma Universal itadandaula inachotsedwa pa masamba akuluakulu m'masiku ochepa. Ina mwa milandu ija ya 2024 nayo inatha mwa mtundu wake: mu Okutobala 2025 Universal inagwirizana ndi Udio, mwezi wotsatira Warner inagwirizana ndi Udio ndi Suno yomwe, kuti makampani a AI azilipira chilolezo. Ndi nkhani yabwino kwa amene nyimbo zake zili m'manja mwa makampani amenewo, ngati ndalamazo zidzamufikedi. Koma woimba wodziimira payekha, amene nyimbo zake nazonso zinamezedwa, pa zokambiranazo panalibe mpando wake.

Tsopano ndifike pa chimene chikundidetsa nkhawa kuposa zonse. Ntchito zing'onozing'ono zimene AI ikutenga sizinali zopezera ndalama zokha. Zinali sukulu. Inu mukudziwa zimene kanyimbo ka malonda kamaphunzitsa. Mumapanga bwinobwino, kenako wolengeza akaikapo mawu mumapeza kuti besi ikulimbana ndi mawu ake, n'kuphunzira kumusiyira malo. Kasitomala amati "ikhale yosangalatsa pang'ono", ndipo patapita nthawi mumazindikira kuti sakutanthauza kusintha makodi (chords), akungofuna ng'oma ifulumire. Mumaphunzira kumaliza nkhani yonse m'masekondi 30, chinthu chimene oimba ambiri a zimbale sangathe. Wojambula naye amaphunzira kujambula manja pojambula zithunzi zotopetsa mazana ambiri za m'mabuku a sukulu ndi timapepala ta makampani. Palibe amene amazikumbukira, koma ndi zimene zinkamudyetsa pa zaka zimene dzanja lake linali kukhwima. Akatswiri amene tili nawo lero apulumuka ndithu. Funso ndi lakuti katswiri wa zaka 20 zikubwerazi adzakhwimira pati, ngati ntchito za wophunzira zonse zaperekedwa kwa makina. Makampani a AI funso limeneli saliyankha, ndipo sindikuganiza kuti amalifunsa n'komwe.

Kumayambiriro kwa 2025 mkulu wa Suno, Mikey Shulman, ananena pa pulogalamu ina yocheza kuti kupanga nyimbo masiku ano sikosangalatsa kwenikweni, chifukwa kumafuna nthawi yambiri ndi kuyeserera kwambiri, ndipo anthu ambiri sasangalala ndi nthawi yochuluka imene amathera popanga nyimbo. Oimba anakwiya, ndipo m'pomveka. Ine ndinaona kuti wathandiza, chifukwa waulula poyera mmene opanga zida zimenezi amaganizira: kwa iwo nyimbo ndi katundu, ndipo kuvutika kuipanga ndi chopinga chofunika kuchotsa. Aliyense amene anakhalapo pa chida choimbira amadziwa kuti nyimbo imabadwira m'kuvutikako. Mumafuna kodi (chord) inayake, chala n'kuterereka kugwera pa ina, ndipo ina ija n'kukhala yokoma kuposa imene mumafuna. Mumalemba mzere, n'kuuimba kakhumi, n'kupeza kuti ukunama, kuti simukumva choncho mumtima, n'kuufufuta. Pa nyimbo ya mphindi zitatu pali zosankha masauzande: pati mupume, pati ng'oma ikhale chete, liwu liti mulikoke. Munthu akalemba mawu 20 mu Suno, wasankha zinthu 20. Zotsalazo wasankha ndani? Pulogalamu, ndipo imasankha chimene chimachitika kawirikawiri mu nyimbo zimene inamva. N'chifukwa chake nyimbo imene munamvetsera ija sinali yoipa. Singakhale yoipa, pakuti inapangidwa kuchokera pakatikati pa nyimbo zonse zabwino. Pa chifukwa chomwecho n'kovuta kuti ikudzidzimutseni.

Izi si maganizo anga okha. Mu Julayi 2024 magazini ya Science Advances inasindikiza kafukufuku wa Anil Doshi ndi Oliver Hauser. Anapempha anthu pafupifupi 300 kulemba tinkhani tatifupi, ena paokha, ena atapatsidwa maganizo ndi AI. Tinkhani ta othandizidwawo owerenga anatiyamikira kuti ndi tabwinoko, makamaka ta anthu amene paokha analibe luso kwambiri. Koma titaikidwa pamodzi, tinkafanana kwambiri kuposa ta olemba paokha. Aliyense payekha anakwera, gulu lonse linasauka. Vuto lake n'lakuti palibe munthu mmodzi amene angaone kutayikako, chifukwa aliyense akuyang'ana nkhani yake yokha, ndipo yake yakomadi.

Pali mbali ina imene ndingakhale wabodza nditaibisa. Mu Novembala 2023 kunatuluka nyimbo yomaliza ya The Beatles, Now and Then. John Lennon, mmodzi wa oimba a gululo, anaijambula pa kaseti kunyumba kwake kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, mawu ake atasakanikirana ndi piyano moti kwa zaka zambiri panalibe amene akanatha kuwalekanitsa. Pulogalamu imene gulu la wopanga mafilimu Peter Jackson linapanga inawalekanitsa, ndipo nyimboyo inapata mphoto ya Grammy mu 2025. Palibe liwu limene makina anapeka pamenepo, anangochotsa chimene chinkaphimba mawu a munthu. Woimba wa ku America Randy Travis, amene sitiroko inamulanda mawu mu 2013, anatulutsa nyimbo yatsopano mu 2024: woimba wina, James Dupré, anaimba, ndipo AI yophunzitsidwa pa nyimbo zakale za Travis inaveka mawuwo kamvekedwe kake, mwini wake ali pomwepo akuvomereza. Woimba wa ku Canada Grimes anauza anthu mu 2023 kuti agwiritse ntchito mawu ake momasuka, bola agawane naye ndalama pakati. Pa zitsanzo zonsezi makina ake ndi a mtundu womwewo umene ukukuvutitsani. Chosiyana n'chakuti mwini mawu, kapena banja lake, anafunsidwa. Ndiponso munthu amene sanagwirepo chida choimbira, akapanga kanyimbo pa Suno kosangalatsa mayi ake pa tsiku lawo lobadwa, si mdani wanu. Sakanakulembani ntchito ngakhale Suno kukanakhala kulibe.

Ndiye muchite chiyani? Choyamba, dziwani chimene inu mungagulitse chimene makina sangagulitse pa lamulo. Ku America, ofesi yoona za umwini wa ntchito zaluso yakhala ikukana kulembetsa zinthu zopangidwa ndi AI yokha. Jason Allen, amene chithunzi chake chopangidwa ndi pulogalamu ya zithunzi ya Midjourney chinapambana mpikisano pa chionetsero cha Colorado State Fair mu 2022, anauza ofesiyo kuti analamula pulogalamuyo maulendo osachepera 624, koma anamukanirabe. Mu Januwale 2025 ofesiyo inanenetsa kuti kulemba mawu olamula pakokha sikumupanga munthu kukhala mwini. Malamulo amasiyana dziko ndi dziko, koma tanthauzo lake kwa kampani ndi lalikulu: nyimbo imene yapanga pa AI mwina singathe kuletsa wopikisana naye kuigwiritsanso ntchito. Komanso malamulo a Suno yeniyeniyo salola kuchitira malonda nyimbo zopangidwa pa akaunti yaulere. Makasitomala ambiri sadziwa zimenezi. Musakangane nawo, ingowafunsani mwaulemu ngati anawerenga. Wofuna kanyimbo ka sabata imodzi sizimukhudza. Wofuna nyimbo yoti anthu akaimva azikumbukira kampani yake kwa zaka khumi, zimukhudza.

Kenako werengani kontirakiti iliyonse ngati kuti wakulemberani ndi mdani. Yang'anani mawu opereka chilolezo chogwiritsa ntchito nyimbo kapena mawu anu "m'njira iliyonse, ngakhale imene sinatulukiridwe", kapena otchula kuphunzitsa makina. Oimba ndi owerenga mawu ambiri anasaina zotero zaka zapitazo, nthawi imene mawuwo ankaoneka opanda ntchito. Ngati kasitomala akufuna ufulu umenewo, ndi katundu wina ndipo akhale ndi mtengo wake. Lembetsani nyimbo zanu ku bungwe lotolera ndalama za aluso la m'dziko lanu, ngakhale mukulidandaula, chifukwa ndalama za zilolezo za AI zikadzayamba kuyenda zidzadutsa m'mabungwe otero, ndipo amene dzina lake mulibe m'kaundula sadzaona kanthu. Sungani mafayilo a ntchito yanu, mbali iliyonse ya nyimbo payokha ndi madeti ake. Ikubwera nthawi imene adzakufunsani umboni woti nyimbo munapanga ndinu.

Zimene zapindulidwa mpaka pano, aluso azipindula ali pagulu. Alembi a mafilimu ku Hollywood ananyanyala ntchito masiku 148 mu 2023, ndipo mgwirizano umene anapeza umati AI singalembedwe ngati mlembi, komanso kampani singakakamize mlembi kuigwiritsa ntchito. Ochita zisudzo ananyanyala masiku 118 n'kupeza kuti kampani isapange chifaniziro chawo cha pakompyuta popanda chilolezo ndi malipiro. Dera la Tennessee ku America linakhazikitsa lamulo lotchedwa ELVIS Act mu 2024 loteteza mawu a munthu kuti asatsanziridwe. Ku Britain, boma litaganiza zolola makampani a AI kutenga ntchito za aluso pokhapokha mwini wake atakana yekha, oimba oposa 1,000, kuphatikizapo Kate Bush ndi Annie Lennox, anatulutsa mu Febuluwale 2025 chimbale chopanda nyimbo, chongomveka masitudiyo opanda anthu. Amene anatsogolera ntchitoyo, Ed Newton-Rex, anali mkulu woona za nyimbo ku Stability AI, kampani ya Stable Diffusion ija, ndipo anatula pansi udindo mu 2023 chifukwa chosagwirizana ndi kuphunzitsa makina pa ntchito za anthu osawapempha. Palibe mwa zimenezi chimene chaimitsa AI. Zikungosintha amene alipidwe ndi amene afunsidwe, ndipo ndi pamenepo pamene nkhondo yeniyeni ili.

Pa ntchito yanu ya tsiku ndi tsiku, sunthirani kumene dzina lanu ndi nkhope yanu zimaoneka. Kukonzera oimba anzanu zing'wenyeng'wenye, kumene munakutchula komalizira ngati kosafunika, ndi kumene ine ndingakuike patsogolo. Woimba akalowa mu situdiyo ali ndi mantha, mawu akunjenjemera, amafuna munthu womuuza kuti vesi yachiwiri yatalika, kuti atsitse kiyi, kuti kuimba kwachitatu kuja kunali kwabwino ngakhale anaphonya liwu limodzi. Kuimba pamaso pa anthu ndi kuphunzitsa nazonso zili m'gulu lomwelo. Sindikunena kuti zidzabweza ndalama zonse zimene mwataya, mwina sizidzatero. Zida za AI zimene zimakuchotserani ntchito yotopetsa, monga kulekanitsa mawu ndi zida kapena kuchotsa phokoso pa zojambula, zigwiritseni ntchito popanda manyazi. Pamene ine ndimaikira malire ndi pa kuilola kuti ikusankhireni nyimbo. Mukazolowera kuyamba nyimbo iliyonse poifunsa, pakatha chaka mudzapeza kuti mukakhala pa kiyibodi nokha zala zikudikira kuuzidwa.

Za mlongo wanu, mulimbikitseni, koma mumuuze zonse. Ntchito zojambula zithunzi zotsatsa malonda, zikuto za mabuku otchipa ndi zithunzi zoyesera za makampani a masewera a pakompyuta zikuchepa, ndipo ndi zimene oyamba kumene ankayambira. Asankhe sukulu imene idzamukhazike pansi ndi pensulo kujambula munthu wamoyo, nsalu yopindika, kuwala kogwera pa khoma, chifukwa diso lophunzitsidwa motero ndi limene limaona pamene chithunzi cha makina chalakwika, ndipo makampani amene akugwiritsa ntchito AI akufunabe munthu wa diso limenelo. Sukulu yongophunzitsa kudina mabatani a pulogalamu inayake aipewe, mabataniwo adzakhala atasintha asanamalize maphunziro. Aphunzirenso china choyandikana nacho chimene chimafuna kukumana ndi anthu kapena kugwira zinthu ndi manja, kaya kuphunzitsa, kusindikiza, kukonza malo ochitira zisudzo kapena kujambula pa makoma. Akayamba kuika zithunzi zake pa intaneti, adziwe za Glaze ndi Nightshade, mapulogalamu aulere amene gulu la Ben Zhao ku University of Chicago linapanga. Amasintha chithunzi pang'ono, mosaoneka kwenikweni ndi maso, kuti makina asokonezeke akafuna kuphunzirapo. Si chitetezo chokwanira, ofufuza ena asonyeza kale njira zozilambalala, koma ndi bwino kusiyana n'kusiya chitseko chosatseka. Ndipo asanalipire fizi kulikonse, akafunse aphunzitsi a pamenepo kuti ophunzira amene anamaliza zaka ziwiri zapitazi akugwira ntchito yanji. Akazengereza kuyankha, akayang'ane sukulu ina.